Kafukufuku wanga wa makhansala ndi aphungu ndimusindikize kuti?

Akuluakulu amene munadutsa kale m'njira imeneyi, ndikupempha nzeru zanu. Ndine mphunzitsi wongoyamba kumene wa maphunziro a ndale kuno ku Zomba, ndipo pa digiri yanga yachiwiri ndinafufuza za kukokanakokana kwa makhansala ndi aphungu pa ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu). Paja lamulo la maboma aang'ono linabwera mu 1998 ndipo makhansala anasankhidwa mu 2000, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, moti anthu anazolowera kuti mjigo, mlatho kapena mdadada wa sukulu zimachokera kwa phungu. Ndinacheza ndi mafumu komanso mamembala a VDC ndi ADC (makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a dera la mfumu yaikulu) ku Jali, Mayaka ndi Malosa. Agulupu ena anandionetsa kope lothimbirira ndi utsi momwe amalembamo lonjezo lililonse la andale pamodzi ndi tsiku lake, ndipo kwa ine mtima wa kafukufukuyu uli m'zinthu zoterezi.

Pepala limene ndinatumiza ku jenolo (magazini yosindikiza kafukufuku) ina yakunja labwerera. Ounika ake akuti ndichepetse mawu a anthu akumudzi ndipo ndiwonjezere mfundo za akatswiri, chinthu chimene chikundivuta kuvomereza chifukwa anthuwa anasiya ntchito zawo zakumunda kuti alankhule nane. Pakadali pano jenolo ina yanditumizira kalata kuti ndikalipira madola isindikiza pepalali mwezi usanathe. Chaka chamawa ndikufuna kufunsira malo a PhD. Kodi ndilimbane ndi zofuna za ounikawa, ndipite ku jenolo ya kuno kwathu, kapena ndilipire?

Yankho loyamba: Achimwene, za kulipirazo zisiyeni ndithu. Jenolo imene imayamba ndiyo kukusakani n'kulonjeza changu chotero siunika ntchito, ndipo makomiti okweza anthu pantchito ndi opereka thandizo la PhD amazidziwa bwino. Ngati kalata ya jenolo yakunja ija ikuti mukonze ndi kutumizanso, ndiye kuti khomo silinatsekedwe. Yankhani ndemanga iliyonse payokha mwaulemu, ndipo pamene simukugwirizana nawo fotokozani chifukwa chake, pakuti zimenezi n'zololedwa.

Yankho lachiwiri: Ndikuvomereza, koma ndionjezepo. Ounikawo mwina sakudana ndi mawu a mafumu, akungofuna kuona kuti nkhani ya ku Jali ikuphunzitsa chiyani munthu wofufuza za CDF ku Kenya kapena ku Zambia. Onaninso zotsatira za Afrobarometer (kafukufuku wa maganizo a anthu m'mayiko a mu Africa), zimene zimapezeka mwaulere pa intaneti, kuti muyerekeze zimene munamva ndi maganizo a Amalawi ena.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga ndikalemba chidule cha m'Chichewa choti ndikapereke ku ma ADC amene anandithandiza, kodi jenolo singanene kuti ntchitoyi yasindikizidwa kale?