Chuma chikavuta, bwanji opanga galimoto zodula amaimitsa fakitale m'malo motsitsa mtengo?

Kondwani_LL

Akuluakulu, ndithandizeni apa. Pa mavuto a zachuma a 2008 ndi 2009 pali chinthu chimodzi chomwe sichikundimvekera. Bentley inagulitsa galimoto 10,014 mu 2007, koma pofika 2009 zinangotuluka 4,616, mpaka fakitale yake ya ku Crewe, ku Britain, inatsekedwa kwa milungu isanu ndi iwiri. Munthu wogula Bentley sadikira malipiro a pakutha pa mwezi, ndiye mavutowo anamupeza bwanji? Komanso ngati malonda avuta, bwanji osangotsitsa mtengo n'kupitiriza kupanga, kusiyana n'kumalipira anthu ali khale kunyumba, makina ali zii? Wamalonda aliyense katundu akamachedwa kutuluka amadula mtengo.

NaPhiri_wa_Mabuku

Achimwene, tiyambe ndi wogulayo. Ambiri mwa omwe ankagula Bentley Continental GT, Porsche 911 kapena Aston Martin zaka zimenezo anali anthu a m'mabanki a ku London ndi New York, ogulitsa nyumba ndi eni makampani apakatikati. Chuma chawo chinali m'masheya, m'nyumba ndi m'bonasi ya pakutha pa chaka. Banki ya Lehman Brothers itagwa pa 15 Seputembala 2008, zitatu zonsezi zinafota nthawi imodzi. Ena ndalama anali nazo ndithu, koma bwana amene wangochotsa anthu ntchito sangafike pa ofesi m'mawa wake ndi galimoto yatsopano. Ndipo galimoto ya mtundu uwu ilibe changu. Mwini wake ali nazo zina pakhomo, akhoza kudikira zaka ziwiri osavutika ndi kanthu.

Tsopano za mtengo, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. BMW ndi Mercedes zambiri, makamaka ku America, sizigulidwa ndi ndalama pamanja. Zimatengedwa pa lease: munthu amalipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu kenaka n'kuibweza. Mwini galimotoyo nthawi yonseyi ndi banki ya kampani yomweyo yomwe inaipanga. Polemba mgwirizano, bankiyo imayerekezeratu kuti galimotoyo ikadzabwerera idzagulitsidwa ndalama zingati, ndipo malipiro a pamwezi amawerengedwa kuchokera pamenepo.

Tingoyerekeza. Galimoto ya madola 60,000, banki yaika kuti pakatha miyezi 36 idzakhala pa 55 peresenti ya mtengo wake, omwe ndi madola 33,000. Kasitomala amalipira 27,000 yotsalayo kuphatikizapo chiwongoladzanja. Ndiye kampani idule mtengo wa yatsopano ndi madola 8,000 kuti sitoko iyende. Ndani angapereke 33,000 pa galimoto ya zaka zitatu pomwe yatsopano yatsika chonchi? Ku okushoni ipita mwina pa 27,000. Pamenepo kampani yaluza 6,000 pa galimoto yomwe inatuluka kale zaka zitatu zapitazo, ndipo ngati zomwe zikubwerera zili 100,000, ndiye kuti madola 600 miliyoni apita. Galimotozi zimabwerera zambiri nthawi imodzi, monga muja chimatsikira chimanga mu Meyi aliyense akakolola.

Izi zinaichitikira BMW. Mu 2008 inaika padera pafupifupi mayuro 2 biliyoni okwirira kugwa kwa mitengo ya galimoto zobwezedwa komanso ngongole zosabwezedwa. Phindu lake linachoka pa mayuro oposa 3 biliyoni mu 2007 kufika pa 330 miliyoni mu 2008. Kampani yomwe yaona zotere singaonjezerenso galimoto pa msika wodzaza kale.

Palinso dila, wamalonda amene amatenga galimoto ku fakitale n'kumagulitsa kwa anthu. Galimoto zomwe mumaziona m'shoorumu zimakhala za ngongole, ndipo dila amalipira chiwongoladzanja tsiku lililonse lomwe galimoto yaima. Pa malonda awa amawerenga sitoko m'masiku, ndipo masiku 60 ndiwo amatengedwa kuti zili bwino. Malonda akatsika ndi theka, sitoko yomweyo ya masiku 60 imasanduka ya masiku 120 popanda kuonjezerapo galimoto ngakhale imodzi. Fakitale ikapitiriza kumukankhira katundu, dila amayamba kugulitsa motaya kuti abweze ngongole, kapena amagwa kumene. Nthawi imeneyo mabanki nawo anali atamana ngongole.

Chomaliza n'chakuti fakitale imalipira zitsulo, zikopa ndi zipangizo galimoto isanagulidwe. Galimoto iliyonse yoima pabwalo ndi ndalama yomangika, pa nthawi yomwe kukongola kunali kodula zedi.

Gama_Injiniya

Mayi Phiri afotokoza chifukwa chake. Ine ndinene momwe amachepetsera, chifukwa sizichitika mwa tsiku limodzi, ndipo kuchotsa anthu okhazikika kumabwera kumapeto kwenikweni.

Amayamba n'kuthetsa ovataimu ndi ntchito ya Loweruka. Kenaka amatsegula kaundula wa maola. M'mafakitale ambiri a ku Germany ndi Britain, ntchito ikachuluka maola oonjezera salipidwa onse, amasungidwa m'dzina la wantchito. Ntchito ikachepa amakhala kunyumba akulandira malipiro, maolawo akuchotsedwa, mpaka amalowa m'ngongole ya maola yomwe adzabweze zinthu zikadzasintha. Tchuthi cha Khirisimasi cha 2008 chinatalikitsidwa m'mafakitale ambiri mwa njira imeneyi.

Otsatira ndi aganyu obwera kudzera m'makampani olemba anthu ntchito. Awa ndiye amapita opanda phukusi. Mu Febuluwale 2009 fakitale ya Mini ku Cowley, Oxford, yomwe ndi ya BMW, inachotsa aganyu 850 a shifiti ya kumapeto kwa mlungu. Chimodzimodzi makampani omwe amapangira ena galimoto pa kontirakiti. Porsche inkapangitsa Boxster ndi Cayman kwa Valmet ku Finland, BMW X3 inkapangidwa ndi Magna Steyr ku Graz, ku Austria. Maoda akachepa, mwini dzina amateteza kaye fakitale yake.

Kuchepetsa liwiro la laini yomangirapo galimoto anthu amakuona ngati kophweka, koma ndi kumene kumavuta kwambiri. Siteshoni iliyonse ili ndi nthawi yake yoikika, tinene mphindi imodzi pa laini ya galimoto zambiri, ndipo ntchito za munthu aliyense zinapimidwa kuti zikwane m'nthawi imeneyo. Mukachedwetsa laini muyenera kugawanso ntchito zonse, kusuntha zida ndi mashelefu a zipangizo, n'kuphunzitsa munthu ntchito za anzake awiri. Izi zimatenga milungu, ndipo zolakwika zimachuluka masiku oyamba: cholumikizira mawaya chosakhoma bwino, bawuti yosamangidwa pa mlingo wake, labala ya chitseko yolowetsa madzi. N'chifukwa chake amasankha kuchotsa shifiti yonse ya usiku, kapena kutseka milungu yathunthu, laini n'kukhala momwe inalili.

Kopentera nako kuli ndi mawu pa chisankhochi. Mauvuni oumitsira penti amadya gasi wambiri ndipo amatenga maola kuti afike pa kutentha koyenera, ndiye kuwayatsira theka la galimoto n'kuwononga. Koma thanki yomwe amaviikamo thupi la galimoto kuti lisachite dzimbiri siizimitsidwa ngakhale fakitale itatsekedwa. Mapampu ake ayenera kuzungulitsa pentiyo usana ndi usiku, apo ayi imadikha pansi n'kuwonongeka thanki yonse. Choncho fakitale yotseka imakhalabe ndi amisiri ndi bilu ya magetsi.

Ku Germany boma linathandiza kudzera mu Kurzarbeit. Wantchito amagwira masiku ochepa, boma n'kumubwezera 60 peresenti ya malipiro omwe wataya, kapena 67 peresenti ngati ali ndi ana. Mu 2009 nthawi yake inatalikitsidwa kufika miyezi 24, ndipo mu Meyi chaka chimenecho anthu oposa 1.4 miliyoni anali pa ndondomekoyi. BMW inaikapo anthu 26,000 ku Dingolfing, Regensburg, Landshut ndi Berlin kumayambiriro kwa chakacho. Ku Britain kunalibe thandizo lotere, ndiye mpeni unalowa mozama. Aston Martin inalengeza mu Disembala 2008 kuti ichotsa anthu 600 mwa 1,850, ndipo Bentley inachotsa 220 n'kudula malipiro ndi 10 peresenti.

Mwafunsa za kulipira anthu ali kunyumba. Munthu wosoka chikopa cha chiwongolero ndi manja, kapena wolumikiza timatabwa topyapyala ta padashibodi kuti mizere ya kumanzere ifanane ndi ya kumanja, amatenga zaka kuti aphunzire. Mukamuchotsa lero, malonda akadzabwerera simudzamupeza pa geti.

Choopsa kwambiri chimakhala kwa operekera zipangizo. Mipando, mabampa ndi madashibodi zimafika pa laini maola ochepa zisanamangidwe, motsatana ndi galimoto zake, ndiye laini ikaima nawonso amaima tsiku lomwelo, koma iwo alibe thumba lakuya. Edscha, yopanga mahinjesi a zitseko ndi madenga opinda, inagwa mu Febuluwale 2009. Karmann ya ku Osnabrück, yomwe inkapanga Mercedes CLK yotsegula denga, inatsatira mu Epulo. Hinjesi ndi kachitsulo kotchipa, koma popanda iko galimoto ya mayuro 100,000 siituluka, ndipo kusamutsa zikombole kupita kwa wina kumatenga miyezi. Ndiye opanga galimoto ankakakamizika kulipira msanga kapena kuthandiza operekera ena kuti asafe.

Che_Jali

A Gama ndi Mayi Phiri, zonse mwanenazi ndi zoona, koma musawaike makampani onsewa m'thumba limodzi. Onani manambala. Lamborghini inachoka pa 2,430 mu 2008 kufika pa 1,515 mu 2009. Bentley mwaiona kale. Koma Rolls-Royce inagulitsa 1,212 mu 2008, chaka chomwe Lehman inagwa, yomwe inali nambala yoposa ya chaka cham'mbuyo, inatsika pa 1,002 mu 2009, kenaka n'kulumpha kufika pa 2,711 mu 2010 itatulutsa galimoto yatsopano ya Ghost. Ferrari inangotsika ndi pafupifupi 5 peresenti.

Kusiyana kwake ndi mzere wa odikira. Ferrari imapanga mwadala galimoto zochepera pa zomwe anthu akufuna, ndipo wogula amadikira chaka kapena kuposera atapereka dipoziti. Mavuto akabwera umafupika ndi mzerewo, fakitale ikugwirabe ntchito. Mu 2013, popanda vuto lililonse la malonda, Luca di Montezemolo, yemwe anali mkulu wa Ferrari, anatsitsa chiwerengero kufika pansi pa 7,000 kuchoka pa 7,318 za 2012, pofuna kuti galimotozo zikhalebe zosowa. Bentley njira yake inali ina. Continental GT ya 2003 inaikweza kuchoka pa galimoto pafupifupi 1,000 pa chaka kufika pa 10,000, ndipo ogula atsopanowo ndi omwe aja a bonasi. Kwa ine omwe anapwetekeka kwambiri ndi omwe anakula mofulumira zaka zisanu m'mbuyo mwake.

Chinthu china ndi mwini kampani. Bentley ndi Lamborghini zinali ndi Volkswagen kumbuyo, Rolls-Royce ili ndi BMW. Aston Martin inali itangogulitsidwa ndi Ford mu 2007 kwa gulu la David Richards ndi amalonda a ku Kuwait, inalibe kholo lolemera. Tata inagula Jaguar Land Rover ndi madola 2.3 biliyoni mu Juni 2008, ndi ndalama zokongola, miyezi itatu Lehman isanagwe. Daimler inaluza mayuro 2.6 biliyoni mu 2009 ndipo inagulitsa 9.1 peresenti ya masheya ake kwa kampani ya Aabar ya ku Abu Dhabi. Za Porsche ndi nkhani ina: inkafuna kumeza Volkswagen ndi ngongole, mabanki anabweza dzanja, mkulu wake Wendelin Wiedeking anachoka mu Julayi 2009, ndipo mapeto ake Porsche yomweyo ndiyo inamezedwa ndi Volkswagen.

Thandizo la maboma kwa ogula silinawafike awa. Germany inkapereka mayuro 2,500 kwa wotaya galimoto ya zaka zisanu ndi zinayi n'kugula yatsopano, ku Britain wogula ankachotseredwa mapaundi 2,000. Ndalama yotere imasuntha wogula Polo kapena Fiat Panda, osati wa Mercedes S-Class. Chomwe chinawadzutsa ndi China, yomwe mu 2009 inaposa America pa malonda a galimoto.

Kuno kufupi nkhaniyi imafika kudzera ku South Africa. Mercedes ku East London ndi BMW ku Rosslyn zimadalira kutumiza galimoto kunja, ndiye oda ikadulidwa ku America kapena ku Ulaya, mashifiti amachepa komweko.

Kondwani_LL

Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Ndiye kuti mtengo sutsika n'komwe? Nanga oitanitsa galimoto zogwirapo kale ntchito kuchokera ku Britain kapena Japan amapindulapo pa nyengo zotere?

NaPhiri_wa_Mabuku

Umatsika, koma mobisa. Mtengo wolembedwa saukhudza. Amatsitsa chiwongoladzanja, amaonjezera sevisi yaulere ya zaka zingapo, amakuikirani mipando yachikopa kapena marimu akuluakulu osalipira, kapena amakupatsani mtengo wabwino pa galimoto yanu yakale. Njira ina ndi yoti dila alembetse galimoto m'dzina lake n'kuigulitsa ngati yogwirapo ntchito, ili ndi makilomita ochepa chabe.

Kwa oitanitsa, zomwe zimagwa mtengo msanga ndi za chaka chimodzi mpaka zitatu za injini zikuluzikulu. Koma yang'anani kaye ndalama yomwe mukugulira. Kumapeto kwa 2008 paundi inagwa kuchoka pafupi ndi madola 2 kufika cha m'ma 1.40, pomwe yen ya ku Japan inakwera mphamvu, ndiye galimoto za ku Britain zinatchipa kawiri, za ku Japan ayi. Msonkho wa ku MRA nawo umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, moti zomwe mwapulumutsa pa V8 mukhoza kuzisiya pa boda. Dziwaninso kuti mwayiwo sukhalitsa. Fakitale ikapanga zochepa chaka chino, pakatha zaka zitatu zobwezedwa pa lease zimachepanso, mitengo n'kukwera.

Gama_Injiniya

Ndionjezerepo za galimoto yomwe inaima nthawi yaitali isanagulidwe. Yerekezani tsiku lomwe inapangidwa ndi tsiku lomwe inalembetsedwa koyamba. Pambali pa tayala pali manambala anayi, awiri oyamba ndi mlungu, awiri omaliza ndi chaka, ndiye 4208 ndi mlungu wa 42 wa 2008. Batire lomwe linatheratu kangapo silisunganso moto bwino, ndipo pa galimoto zodzaza makompyuta limayatsa timagetsi ta zolakwika tosiyanasiyana padashibodi. Matayala amaphwatalala pomwe anakhalira ndipo chiwongolero chimanjenjemera mukathamanga. Madisiki a mabuleki amachita dzimbiri kusiya pomwe panagwira mapadi, ndiye popondapo mumamva kugunda. Ngati ili ndi sasipenshoni ya mpweya, isiyeni usiku wonse pamalo osalala, m'mawa muyeze kutalika kuchokera pansi pa mawilo onse anayi musanailize.