Tikufuna kukwera Mulanje koma tili kuchigwa, tiyeserere kuti?

WakuNchalo:
Akuluakulu, tigawireniko nzeru. Gulu lathu likufuna kukwera phiri la Mulanje mu Julaye kuti tipeze ndalama zogulira mabuku ana asukulu. Vuto ndi loti kuno ku Nchalo ndi kwa thyathyathya, ambiri mwa ife chitunda timangochionera m'minibasi. Tiyeserere kuti, kangati pa sabata, ndipo tizinyamula chiyani?

Mkweraphiri:
Zitunda zilipo achimwene. Mukangowoloka Kamuzu Bridge, msewu wa M1 umayamba kukwera kulowera ku Blantyre. A ku East Bank ali ndi mapiri a Thyolo kumbuyo kwawo, a ku Nsanje ali ndi Chididi. Pa M1 muziyenda mondondozana kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto, chifukwa malole sakuonani msanga pa makona. Mukasankha tinjira tam'midzi, yambani mwawaonekera amfumu.

Dzipatseni masabata 8 mpaka 10. Loweruka ulendo wautali wachitunda: ola limodzi ndi theka poyamba, kenako muziwonjezera mphindi 30 sabata iliyonse mpaka mufike maola 4 kapena 5. M'kati mwa sabata, kawiri, pezani sitepe yofika chapakati pa msongolo, muzikwera ndi kutsika mphindi 20. Sabata yomaliza pumulani. Kumbukirani kuti kuchokera ku Likhubula, m'munsi mwa phirilo, kukafika ku Chambe, komwe kuli nyumba yogona okwera phiri, mumakwera mamita pafupifupi 1,000 tsiku limodzi, ndipo Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirilo, ili pa mamita 3,002.

NesiWaBangula:
Ndiwonjezereko za kutentha. Nyamukani mbandakucha, pofika 9 koloko mukhale mutatsika. Aliyense malita awiri kapena atatu a madzi, ndipo botolo limodzi likhale la Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi. Thukuta limachotsa mchere m'thupi, ndiye madzi okha sakwanira pa ulendo wautali. Wina akayamba chizungulire, mutu kapena nseru, m'khazikeni pamthunzi, m'thireni madzi m'khosi ndi m'khwapa. Akayamba kuyankhula zosokonekera, ameneyo ndi wa kuchipatala, osadikira. Odwala BP kapena shuga aonane kaye ndi adokotala. Kamba: nthochi, mtedza wokazinga, mbatata yophika.

Mkweraphiri:
Zoona amayi. Koma chimene chimagwetsa magulu ambiri ndi kutsika. Pa mtsetse ntchafu ndiye zimagwira ntchito ya mabuleki, ndipo amene anangoyeserera kukwera amafika pansi mawondo akunjenjemera. Pondani pafupipafupi, mawondo opindika pang'ono, ndodo m'manja. Wengani zikhadabo zakumapazi ndipo mangitsani zingwe za nsapato musanayambe kutsika, apo ayi zala zimagunda kutsogolo mpaka chikhadabo kuda. Nsapato zatsopano ayi, ziyambeni kuvala lero. Pamene payamba kutentha pa chidendene matanipo pulasitala thuza lisanatuluke.

Katundu muyambe ndi makilo 3, mufike 7 kapena 8. Gwiritsani ntchito mabotolo a madzi, lita imodzi ndi kilo imodzi. Masabata oyamba muzitaya madziwo pamwamba kuti mawondo atsike opepukidwa.

WakuChididi:
Woyenda pang'onopang'ono akhale wachiwiri pamzere, wamphamvu atseke kumbuyo ndi foni ndi mankhwala. Anyamata othamanga aja mukawasiya patsogolo gulu limaduka pawiri. Komanso Julaye pa Mulanje kumazizira kwambiri ndipo chiperoni chikabwera njira sioneka. Ife akuchigwa majuzi tilibe, yambani kubwerekeratu, ndi jekete yamvula yomwe. Olondolera njira ndi onyamula katundu mukawapeza ku Likhubula, ndipo malipiro awo muwaikiretu mu bajeti padera ndi ndalama za mabukuzo.