K24,000 ya ngongole ya mbuzi ili kuti?

Nabanda: A Pampando, ndiyankhulira pano poti Lachitatu pamkeka munandidula pakamwa. Mwati Mai a Tadala atsala ndi K120,000. Ine ndawerengetsa katatu, ikutuluka K144,000.

Wapampando: Anabanda, za ndalama za banki mkhonde yathuyi timakambira pabokosi, osati pa WhatsApp.

Nabanda: Pabokosipo buku mumatseka munthu asanaone. Anatenga K120,000 mu Ogasiti. Seputembala inafika K144,000, anabweza K44,000, kutsala K100,000. Okutobala K120,000. Novembala K144,000. Wotsutsa atsutse.

Mai a Tadala: Mlamu, zoona mukundiyanika chonchi? Nonse munabwera kudzaona mmawa uja. Fisi anatsika ku Michiru cha m'ma 2 koloko usiku, agalu anangolira kamodzi n'kukabisala kukhitchini. Bambo a Tadala anagonera ku Limbe kuganyu, ine ndi ana tikanatuluka ndi chiyani? Kutacha ndinapeza chingwe ndi mutu basi, pomwe mbuzi ija inali ndi bere, imayembekezeka kuswa mu Novembala muno. Inayo anaing'amba ntchafu, tinazinga tsiku lomwelo. Nyama anthu anatenga pangongole, ena a m'gulu momwe muno, mpaka lero sanandipatse. Sinditchula maina. Ndimadalira timbuzi timeneto kuti ndibweze zonse tisanagawane. Ngakhale zinali choncho ndinagulitsa nandolo wanga n'kutumiza K20,000.

Nabanda: Kutumiza kwa ndani?

Msungichuma: Kwa ine, pa Mpamba. Ndiye Okutobala inatsikanso pa K100,000, Novembala K120,000. A Pampando sananame. M'buku simunalembedwe chifukwa mlembi anali kumaliro ku Lirangwe.

Nabanda: Mpamba unayamba liti m'gulu muno? Ndalama imagwa pamkeka, owerenga awiri awerenge, tonse tikuona. Ine ndinalipitsidwa chindapusa cha K1,000 chifukwa chotuma mwana ndi ndalama, mwaiwala?

Abiti Saidi: Apa Anabanda akunena zoona. Inenso za K20,000 ndikuzimva lero.

Nabanda: Chaka chatha chitopa chinandithera nkhuku 23 sabata imodzi. Ndimatola zakufa mmawa uliwonse, makosi atapindika, mwana akukumba dzenje kuseri kwa nkhokwe. Ndinapempha mwezi umodzi wokha woti ndibweze ngongole yanga. Munabwera anthu asanu ndi njinga, munanyamula matumba awiri a chimanga, ana anga akuonerera. Khola lomwelo ndinali nditangomanganso namondwe Freddy atagwetsa mu 2023. Palibe ananena kuti pepani. Lero ya mng'ono wawo wa a Pampando ikulowera pafoni.

Wapampando: Ubale musaulowetsepo. Chimanga chija tinagwirizana tonse, inuyo munadinda chala.

Bambo a Yamikani: Komanso chitopa chili ndi katemera, wa I-2 uja wodontheza m'diso. Alangizi atabwera inu munati mulibe nthawi. Fisi ali ndi katemera?

Nabanda: Ali naye, khola la m'mwamba. Mitengo anagula mu Ogasiti, ili pansi pa mango mpaka lero, chiswe chikudya. Mbuzi za ngongole n'kumagoneka m'kakhola kamapesi, phiri lili pomwepa?

Mai a Tadala: Mmisiri anafuna K25,000, ndikanaitenga kuti? Mawu amenewo andipweteka mlamu. Mulungu akuona.

Abiti Saidi: Poti tatchula mbuzi, Bambo a Yamikani mangani zanu. A mfumu analengeza mvula itangogwa. Chimanga changa chakumtunda changomera masamba atatu, dzulo zadya mizere isanu ndi umodzi. Mbewu yake yogula. Masana ndikuthamangitsa apusi, madzulo mbuzi zanu, ndipalira nthawi yanji?

Bambo a Yamikani: Si zanga, zanga zili pachingwe kudambo. Funsani a kutsidya.

Abiti Saidi: Yakuda yothyoka nyanga ndi ya kutsidya?

Wapampando: Azimayi, abambo, nkhani imodzi imodzi. Tigawana pa 13 Disembala monga tinapangana, aliyense akufuna feteleza wobereketsa. Zotsalazo tikaona Lachitatu.

Nabanda: Masheya anga ndi ochuluka kuposa a wina aliyense muno, ndiye K24,000 ikasowa woluza kwambiri ndine. Msungichuma, tumizani pano uthenga wa Mpamba uja, tione tsiku lake. Ngati inalowa tsiku la msonkhano litadutsa, chiwongoladzanja chikwere pa yonse.

Msungichuma: Foni ija mwana anafufuta mauthenga. Koma ndalama ili m'bokosi.

Nabanda: Inalowa bwanji m'bokosi, kiyi wachitatu ali ndi ine chiyambire Seputembala?

Abiti Saidi: Eee.

Nabanda: A Pampando?

Nabanda: Mlembi, ndikuona mwawerenga. Lachitatu mubwere ndi buku lakale lija, la chaka chatha, pamodzi ndi latsopanoli.