Mdzukulu wanga akuti sadzavotanso: kodi demokalase ikutha?

Mphunzitsi Wopuma

Moni nonse. Kwa zaka zambiri ndinkaima kutsogolo kwa ana m'kalasi n'kumawauza kuti voti yawo ndi mphamvu yawo, ndipo ndinkanena zimenezi ndi mtima wonse. Koma Lamlungu lapitali mdzukulu wanga wa zaka 23 anandifunsa funso limene likundisowetsa tulo mpaka lero.

Anandipatsa foni yake kuti ndione kanema wa ku Libreville, wa mu Ogasiti 2023, tsiku limene asilikali a ku Gabon anachotsa Ali Bongo patangopita nthawi yochepa atalengezedwa kuti wapambana chisankho. Anthu ali pikitipikiti mumsewu, akuimba, ena akugwira chanza asilikali. Mnyamatayo anaimitsa kanemayo pa nkhope ya mayi wina amene anali atakweza manja onse m'mwamba, n'kunditembenukira. "Agogo, mayi awa akulira kapena akusangalala? Ngati demokalase ndi yabwino monga mumanenera, bwanji anthu akuvina tsiku limene yagwa?"

Ndinamuyankha kuti banja la Bongo linali pampando kuyambira 1967, choncho chimene chinagwa tsikulo unali ufumu wa banja limodzi umene unkangodzikongoletsa ndi zisankho. Anavomera. Kenako anayamba kuwerenga pa zala: Mali mu 2020 ndi 2021, Guinea mu 2021, Burkina Faso kawiri m'chaka chimodzi cha 2022, Niger mu 2023. Anati ku Niger, Mohamed Bazoum anachita kusankhidwa ndi anthu, komabe ena anatuluka kukachemerera asilikali amene anamutsekera. Nditati amenewo ndi mavuto a umphawi, anandikumbutsa za gulu limene linathyola nyumba ya malamulo ku Washington pa 6 Januwale 2021, ndi linzake ku Brasília, likulu la Brazil, pa 8 Januwale 2023. Kumenekonso, anatero, kuli anthu amene safuna kumva kuti agonja.

Mwanayu anamaliza koleji zaka ziwiri zapitazo ndipo ntchito sanaipeze. Anavotapo kamodzi. Akuti sadzadzukanso m'mamawa kukaima pamzere. Ine ndinasowa chomuuza, ndipo zikundiwawa. Anzanga, kodi chimene ndinaphunzitsa moyo wanga wonse chikufa? Ngati sichikufa, ndimuuze chiyani chomwe si mawu a m'buku?

Wazamalamulo

Aphunzitsi, funso la mdzukulu wanuyo ndi lolemera, musamuone ngati wamwano. Koma ine asilikali sindiwaopa kwambiri. Msilikali akalanda boma, aliyense amaona kuti malamulo athyoledwa. Amene ndimamuopa ndi uja amalowa ndi voti yeniyeni, kenako n'kuyamba kumasula misomali ya nyumba mmodzimmodzi, eni nyumba ali m'tulo.

Taonani mmene zimachitikira. Hugo Chávez anapambana chisankho ku Venezuela mu 1998, ndipo pofika 2009 malire a materemu anali atachotsedwa kudzera pa riferendamu. Viktor Orbán atapeza magawo awiri mwa atatu a mipando ya aphungu ku Hungary mu 2010, analembanso malamulo oyendetsera dziko, n'kusintha kayendetsedwe ka makhoti ndi nyumba zoulutsira mawu. Ku Uganda anachotsa malire a materemu mu 2005, n'kudzachotsanso malire a zaka zakubadwa mu 2017. Kais Saied wa ku Tunisia, amene anali mphunzitsi wa zamalamulo, anasankhidwa mu 2019, koma mu Julayi 2021 anaimitsa nyumba ya malamulo. Ndipo ku Guinea kumene mdzukulu wanu watchula, asilikali anabwera Alpha Condé atasintha kale malamulo mu 2020 kuti aimenso kachitatu. Nthawi zambiri mfuti imabwera pamapeto, chinthu chitavunda kale.

Tsono mumuuzenso mbali inayi, chifukwa makanema ake sayenda kwambiri pa foni. Pa 1 Sepitembala 2017 khoti lalikulu la ku Kenya, lotsogozedwa ndi David Maraga, linafafaniza chisankho cha pulezidenti amene anali pampando. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a ku Malawi anachitanso chimodzimodzi. Ku Senegal mu 2024 pulezidenti Macky Sall anayesa kukankhira kutsogolo chisankho, bungwe loona za malamulo a dziko linamukaniza, ndipo Bassirou Diomaye Faye, amene anatuluka m'ndende kutatsala masiku khumi, anapambana pa ulendo woyamba. Ku South Korea usiku wa pa 3 Disembala 2024 pulezidenti Yoon Suk Yeol analengeza ulamuliro wa asilikali. Aphungu anathamangira ku nyumba ya malamulo, ena mochita kukwera mpanda, ndipo 190 anavota kukana. Kusanache, lamulolo linali litachotsedwa, ndipo mu Epulo 2025 khoti linamuchotsa paudindo.

M'nkhani zonsezi munali munthu wa udindo amene anati ayi pamene kunena kuti inde kukanamupindulira. Tsogolo la demokalase ine ndimaliyezera pamenepo: kodi dziko likadali ndi anthu otere, ndipo likuwateteza?

Mtsikana wa 2001

Pepani akuluakulu, ndilankhule monga wa msinkhu wa mdzukulu wawoyo. Zimene a Wazamalamulo anenazi ndi zoona, koma sizikuyankha funso lake. Iye sakufunsa za oweruza. Akufunsa kuti iyeyo wapindulanji.

Ife tinabadwa zisankho zilipo kale, sitinaone nthawi imene munthu ankamangidwa chifukwa cha nthabwala. Chimene taona ndi ichi: zipani zimasinthana mipando, koma katangale sasintha, ngongole za boma zikukulirakulira, misonkho ikukwera, ndipo amene ali ndi ndalama zambiri zopangira kampeni ndi amene amamveka. Munthu akapambana ndi ndalama za anthu ena olemera, amayamba wabweza kwa iwowo. Ife amatikumbuka pakatha zaka zisanu. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, n'chifukwa chake achinyamata akutuluka. Ku Sri Lanka mu 2022 mafuta ndi mankhwala zitasowa, anthu analowa m'nyumba ya pulezidenti, Gotabaya Rajapaksa n'kuthawa. Ku Kenya pa 25 Juni 2024 achinyamata anafika mpaka m'nyumba ya malamulo kukana misonkho yatsopano, ndipo mawa lake pulezidenti William Ruto anati sasainira bilu ya misonkhoyo. Koma anthu anafa tsiku limenelo. N'chifukwa chiyani mpaka magazi akhetsedwe kuti mtsogoleri amene tinamusankha tokha atimvere?

Ndisanamizidwe kuti ndikufuna asilikali. Sindikuwafuna. Kafukufuku wa 2024 wa bungwe lofufuza maganizo a anthu la Afrobarometer anapeza kuti mu Africa anthu awiri mwa atatu amakondabe demokalase kuposa ulamuliro wina uliwonse, koma opitirira theka anati akhoza kulolera asilikali kulowererapo ngati atsogoleri osankhidwa akugwiritsa ntchito mphamvu molakwika. Ine ndikamva zimenezi ndimamva anthu amene akuifuna demokalase koma atopa ndi kunamizidwa m'dzina lake.

Nkhani ina ndi foniyi. Ndi imene imatisonkhanitsa, ndi imenenso imatinamiza. Kampani yothandiza andale pa kampeni ya Cambridge Analytica inatenga popanda chilolezo uthenga wokhudza anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook. Mu Januwale 2024 anthu a ku New Hampshire ku America analandira mafoni a mawu opangidwa ndi kompyuta, omveka ngati a pulezidenti wa nthawiyo Joe Biden, owauza kuti asakavote. Ndipo boma likaona kuti zavuta limangozimitsa intaneti, monga zinachitikira ku Uganda mu Januwale 2021. Kanema amene mdzukulu wanu anakuonetsaniyo, mumufunse kuti anamufika bwanji, komanso kuti n'chifukwa chiyani makanema a atolankhani omangidwa ndi zipani zoletsedwa m'maiko a asilikaliwo samufika.

Mayi Wowerenga Mavoti

Aphunzitsi, ine si wophunzira kwambiri za ndale, koma ndinagwirapo ntchito pamalo oponyera voti. Ndikufuna ndikuuzeni za usiku umodzi.

Titatseka, tinakhuthulira mapepala onse patebulo, mamonita a zipani atatizungulira. Nyali inali imodzi. Pepala lililonse ndinkalikweza m'mwamba kuti aliyense alione ndisanaliike pamulu wake. Ndinafika pa lina limene wovota anachonga pakati pa mabokosi awiri, inki itapaka uku ndi uku. Mamonita awiri anadzuka nthawi imodzi, aliyense akuti ndi lake. Anakangana mpaka thukuta. Woyang'anira malowo anatsegula kabuku ka malamulo, n'kuwerenga mokweza, n'kunena kuti pepalalo ndi lowonongeka. Onse awiri anakhala pansi. Titamaliza kuwerenga, wa chipani chimene chinagonja pamalopo, mnyamata wowonda wa jekete lalikulu, anayang'ana nambala zija kwa nthawi yaitali. Dzanja lake linkanjenjemera. Koma anatenga cholembera n'kusaina fomu ya zotsatira, kenako anatuluka panja kukaimbira foni abwana ake.

Chiyambire tsiku limenelo, ndikamva kuti demokalase ndimaona dzanja lija. Ndi lomwenso ndinaliona pamene pulezidenti Mokgweetsi Masisi anavomera kugonja ku Botswana mu 2024, chipani chake chitalamulira zaka 58, komanso pamene chipani cholamula cha ANC chinatsika kufika pa 40 peresenti ya mavoti ku South Africa chaka chomwecho n'kukhala pansi kukambirana ndi zipani zina. Mwana wanga wa 2001 akunena zoona kuti voti siibweretsa ntchito. Koma mtsogoleri wosankhidwa akalephera, tsiku lomuchotsa limadziwika, lili pa kalendala. Nanga msilikali akalephera, mumakadandaula kwa yani? Ku Sudan akuluakulu a asilikali amene analanda boma limodzi mu Okutobala 2021 anatembenukirana okhaokha mu Epulo 2023, ndipo anthu mamiliyoni athawa m'nyumba zawo.

Mphunzitsi Wopuma

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri. Mwana wanga wa 2001, mawu ako andilasa, chifukwa ndazindikira pamene ndinkalakwitsa m'kalasi. Ndinkaphunzitsa tsiku limodzi, tsiku lovota, ngati kuti nzika imagwira ntchito kamodzi pa zaka zisanu. Za masiku ena onsewo sindinkanena kanthu: kuwerenga bajeti, kufunsa phungu mmene anavotera, kudziwa amene anapereka ndalama ku chipani, kuima ndi mtolankhani kapena woweruza akamaopsezedwa ngakhale atakhala kuti anagamula zosatikomera. Mdzukulu wanga anachita zimene ndinamuphunzitsa. Anavota, anadikira, sanaone kanthu.

Usiku wathawu ndakhala ndikuganizira malo amene anayesa kudzaza mpata umenewu. Mumzinda wa Porto Alegre ku Brazil, kuyambira 1989, anthu wamba ankakumana m'madera mwawo n'kusankha okha kuti gawo la ndalama za mzinda lipite ku madzi, misewu kapena sukulu. Ku Ireland mu 2016 anasonkhanitsa nzika wamba 99 zosankhidwa mwamaere, osati andale, kuti zimve akatswiri a mbali zonse ndi kukambirana nkhani zimene aphungu ankaziopa, ndipo zina mwa mfundo zawo zinapita ku riferendamu mu 2018. Sindikunena kuti zimenezi zingathetse ulova. Koma mnyamata amene wakhalapo pamsonkhano wotere, mawu ake n'kulembedwa, sangayankhule ngati mdzukulu wanga.

Ndinamuwerengera nkhani yanu, mayi, ya mnyamata wa jekete lalikulu. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti munthu amachita bwanji kuti akhale monita kapena wowerenga mavoti. Sananene kuti adzavota, ndipo sindinamukakamize. Wandisiyira funso lina limene ndikulipereka kwa inu a Wazamalamulo: ngati oweruza ndi a bungwe loyendetsa chisankho amasankhidwa ndi pulezidenti yemweyo amene ayenera kudzamuweruza, ndi njira iti imene maiko ena apeza yoti asamakhale m'thumba mwake? Mdzukuluyo abwera Loweruka, ndipo ndikufuna adzapeze yankho lanu.