Makochi thandizeni, timafika pa 18 koma zigoli palibe

Moni nonse a pa gulu lino makamaka makochi ndi amene munasewerako mpira wa ligi. Ine ndimaphunzitsa anyamata osapitirira zaka 17 kuno ku Chiputula, si timu yaikulu ayi, ndi ana a m'dera lomwe lino timakumana madzulo akaweruka ku sukulu. Kumbuyo tili bwino, goloboyi wathu saopa kudziponya m'matope, pakati anyamata amapatsirana mpira mokoma mpaka a kabaza amaima kumaonera, koma tikangoyandikira 18 ya adani, bokosi lalikulu la pa golo pawo lija, basi zonse zimazima. Wing'a akalandira mpira amaima kaye, amudyetse munthu njomba, abwerere adzamudyetsenso yemweyo, pomwe aziti aponye krosi adani onse abwerera kale adzaza bokosi. Sitiraika wanga amangoima pamalo amodzi ngati akudikira minibasi ya ku Ekwendeni, mpira ukapanda kumupeza pa phazi ndiye kuti wolakwa ndi mnzake. Ku bonanza yapitayi magemu athu amangothera ziro ziro kenako kutuluka pa mapenate. Mashoti timapanga pa trening'i, amaima pa mzere aliyense kumenya wake ndipo amachinya bwinobwino, koma pa gemu zii. Ndiye mumawaphunzitsa bwanji ana kuti azidziwa chochita akafika kutsogoloko? Musandiuze zofuna zida zambiri chonde, mipira ndi yochepa, ma cone athu ndi mabotolo a Sobo, ndipo mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa.

Kochi wa ku Luwinga:
Akulu, choyamba siyani za mzerezo. Mwana akamamenya mpira wokhazikika palibe womuthamangitsa akuphunzira zinthu zoti pa gemu sadzakumana nazo. Ikani golo ndi goloboyi, otchinga awiri, oukira atatu, ayambire cha pakati pa bwalo ndipo muziwerenga mokweza mpaka 8, mukamaliza asanamenye shoti mpira wapita kwa ena. Poyamba adzakwiya koma njomba zachabechabe zija zimatha zokha chifukwa nthawi palibe. Akazolowera onjezani akhale anayi kwa atatu, kenako wina wotchinga azichokera kumbuyo kwawo akuthamanga, kuti azimva kuti kuchedwa kuli ndi mtengo wake.

Chachiwiri ndi cha m'bokosi, apa ndi pamene matimu ambiri a ana amafera. Mpira ukapita ku wing'i anthu atatu akhale ndi kopita asanaganize nkomwe. Sitiraika athamangire pa mtengo wa golo wapafupi ndi komwe kukuchokera mpira, kaya aupeza kaya saupeza zilibe kanthu, ntchito yake ndi kukoka wotchinga. Wing'a wa mbali inayo alowe ku mtengo wakutali. Wapakati mmodzi abwere mochedwa dala, afike cha pa malo omenyera penate, pa mamita 11 paja, mpira ukubwera kale. Ndiye wing'a wanu musamuuze zoponya m'mwamba, ana a msinkhu umenewu ambiri mutu sadziwa ndipo goloboyi amangotola. Afike kufupi ndi layini ya golo kenako abweze mpira wapansi chakumbuyo kwa wochedwa uja. Otchinga onse amakhala akuthamangira ku golo kwawo, kuti atembenuke mnzanu wamenya kale. Komanso amene ali kumbuyo kwa mpira sangakhale ofusayidi, refa alibe choyimbira. Manchester City ya Guardiola yachinya zigoli zambirimbiri ndi kampira kameneka, ndipo sikafuna nsapato zodula.

Sapota wa Moyale:
Zonsezi nzochedwetsa, awuzeni azimenya basi akangoona golo. Gabadinho pa Morocco ku AFCON ya ku Cameroon mu 2022 anadikira ndani? Anangoona goloboyi watuluka pang'ono nkumasula chapatali, dziko lonse linaimirira.

Wa ku Zolozolo:
Achimwene a Moyale, chigoli chimenecho timachikumbukira chifukwa choti sichichitikachitika, ndipo gemu ija tinaluza 2-1. Gemu yomwe tinawina ndi ya Zimbabwe, 2-1, zigoli zonse ziwiri Gaba yemweyo anachinyira m'bokosi. Mukawauza ana kuti azimenya paliponse mudzatha mipira, ina izikagwera m'minda ya anthu. Koma pang'ono mukunena zoona, pa bwalo lonyowa shoti yapansi ndi yabwino chifukwa goloboyi amalavula, ndiye kochi aphunzitse kuti wina akamenya ena awiri azitsatira mpirawo osati kuima nkugwira m'chiuno. Pa trening'i chigoli cha mpira wolavulidwa muzichiwerenga ngati ziwiri muone mmene azithamangira.

Mayi wophunzitsa atsikana ku Katawa:
Bambo, ine ndikuona kuti vuto likuyambira kwa apakati anuwo amene mukuwayamikira. Kupatsirana mokoma nkwabwino koma ngati mapasi onse ndi a m'mbali ndi akumbuyo adani amapeza mpata wokonza mzere wawo. Atsikana anga ndinawaikira lamulo, ukangolanda mpira pasi yoyamba iyang'ane kutsogolo, ukaona kuti kwatsekeka ndi pomwe ubweze. Ndipo wapakati aziyang'ana pa phewa mpira usanamufike, osati alandire kaye kenako ayambe kufufuza anzake. Sitiraika wanuyo muonetseni mavidiyo a Temwa Chawinga, mwana wa kwathu konkuno ku Rumphi, anachinya zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Anthu amangoti ndi liwiro, inde liwiro ali nalo, koma taonani nthawi yomwe amanyamukira, amayenda chopingasa motsatira mzere wa otchinga kenako nkukhotera kumbuyo kwawo pamene mnzake wadzutsa mutu. Chimenecho mwana aliyense angaphunzire ngakhale wopanda liwiro. Anyamata ena amachita manyazi kuphunzira kwa mtsikana, amenewo asiyeni pa benchi aganize bwino.

Wa ku Mchengautuwa:
Kochi fufuzani bwino pa golopo mwina anakwirirapo zinthu kkkkk

Wolemba funso:
Kkkk a Mchengautuwa golo lathu ndi la mitengo ya bulugamu timazula tsiku lililonse kuopa akuba, akwirira pati. Yewo nonse. A Luwinga pali kanthu kamodzi, wing'a wanga wabwino kwambiri ndi wamanzere koma amakonda kusewera kumanja, ndiye akalandira amalowera mkati nthawi zonse, ku layini safika. Ndimusinthe mbali kapena?

Kochi wa ku Luwinga:
Musamusinthe msanga, mwana akamasuka kumanja musiyeni. Iye akalowa mkati amakoka nambala 3 wa adani, wotchinga wa mbali imeneyo, ndiye kunjako kwatsala poyera, nambala 2 wanu, wotchinga wakumanja, ndi amene azidutsa kumbuyo kwake akuthamanga nkukafika ku layini, mpira wobweza uja aziponya ndi iyeyo. Wing'a asankhe chimodzi mwa ziwiri, nambala 3 uja akamutsatira mnzakeyo amenye yekha ndi lamanzere, akapanda kumutsatira amupatse. Kungoti nambala 6, wapakati wothandiza kutchinga, asakwere nawo, atsale atseke mbali imeneyo chifukwa mukataya mpira pamenepo adani akudutsirani pomwepo. Yambani ndi awiri kwa mmodzi ku wing'iko, bokosi muike atatu aja, mbali zonse ziwiri mosinthana kuti mipira yanu yochepayo ikwane. Nambala 2 wanu ali ndi mpweya wokwera ndi kutsika gemu yonse? Ngati alibe yambirani pamenepo.