Ndiunikireni bolodi yanga yoyamba ndisanaitumize kufakitale

Wofunsa:
Moni nonse pagulu pano. Ndamaliza kujambula PCB (bolodi yolumikizirapo zipangizo zamagetsi) yanga yoyamba mu pulogalamu ya KiCad, ndiye ndati akadaulo aiponye diso ndisanatumize mafayilo kufakitale. Zithunzi za mbali zonse ziwiri ndi schematic (chojambula choonetsa mmene zipangizo zalumikizirana) zili m'munsimu. Bolodiyi ndi ya mbali ziwiri, 60 mm ndi 40 mm, yochindikala 1.6 mm, kopa wa 1 oz. Pali ESP32-WROOM-32 (module yoyendetsa zonse, yokhala ndi Wi-Fi), AMS1117-3.3 (regulator yotsitsa 5 V kufika 3.3 V), soketi ya USB-C, CH340C yolowetsera pulogalamu, sensa ya chinyezi cha dothi pa phazi la ESP32 lotchedwa GPIO12, ndi relay ya 5 V yoyatsa kapampu ka 12 V kokoka 2 A. Njira zonse za kopa ndi za 0.25 mm ndipo DRC (chida cha KiCad chofufuza zolakwika pa bolodi) ikuti palibe cholakwika. Chikundidetsa nkhawa ndi ngodya za madigiri 90, ena akuti zimaononga chizindikiro. Kodi pali chinanso chimene maso anga sakuona?

Woyankha woyamba:
Achimwene, musatumize kaye. Za ngodyazo zisakusowetseni tulo, pa liwiro la bolodi ngati iyi sizisintha kanthu. Vuto lalikulu lili kunsi kwa bolodi. Mwathira kopa wa GND (mbali yobwerera magetsi) bwinobwino, kenako mwamudula pakati ndi njira zinayi zazitali zochokera ku CH340C kupita ku ESP32. Magetsi alionse amene apita pa njira yapamwamba amayenera kubwerera kudzera pa GND, ndipo akamasinthasintha mofulumira amabwerera mmunsi mwenimweni mwa njira imene anadzera. Akapeza mpata wodulidwa amazungulira kutali, ndipo kuzungulirako ndi kumene kumabala phokoso ndi kusokoneza sensa. DRC singakuuzeni zimenezi, iyo imangoona ngati zinthu zalumikizana komanso ngati zatalikirana mokwanira.

Bweretsani njirazo pamwamba. Pamene zikukanika, tsikani ndi via (kabowo kolumikiza mbali ziwiri za bolodi), dutsani mamilimita atatu kapena anayi okha, mukwerenso. Mukatero thirani GND pamwambanso ndi kusoka mbali ziwirizo ndi ma via a bowo la 0.3 mm ndi pad (kopa wozungulira bowolo) ya 0.6 mm, motalikirana 5 mm kapena kuposerapo pang'ono. Tizilumba ta kopa tosalumikizidwa kulikonse tichotseni.

Chachiwiri ndi eriyo ya ESP32. Mwaika module pakati pa bolodi, pansi pa eriyo pali kopa, ndipo relay ili pambali pake penipeni. Wi-Fi idzafooka kwambiri. Sunthani module ifike m'mphepete, eriyo ituluke kunja kwa bolodi. Ngati bokosi silikulola, pansi pa eriyo pasakhale kopa, njira kapena via mbali zonse ziwiri, ndipo zitsulo ngati relay ndi masikuluwu zitalikire ndi mamilimita 15.

Woyankha wachiwiri:
Zimene anena akuluwa ndi zoona. Ine ndayang'ana schematic, ndipo muli zinthu zitatu zimene zingachititse kuti bolodi isadzuke n'komwe.

Pa USB-C mwalumikiza mapazi a CC1 ndi CC2 pamodzi pa resistor imodzi. Iliyonse imafuna yakeyake ya 5.1 kΩ yopita ku GND. Ndi chingwe cha USB-A mbali inayo bolodi idzayaka ndipo mudzaganiza kuti zonse zili bwino, koma zingwe zina za USB-C mbali zonse zidzachititsa kuti chaja ikane kutulutsa 5 V.

Sensa ichoke pa GPIO12. ESP32 imawerenga phazi limeneli ikamayaka, ndipo likapezeka lili pamwamba (lili ndi magetsi) imapereka 1.8 V ku flash, yosunga pulogalamu, m'malo mwa 3.3 V. Module yanu siidzadzuka, ndipo zizidzachitika mwa apo ndi apo malinga ndi kunyowa kwa dothi, vuto lovuta kulipeza. Komanso GPIO12 ili pa ADC2 (limodzi mwa magawo awiri a ESP32 oyeza mphamvu ya magetsi), imene simungaiwerenge Wi-Fi ikamagwira ntchito. Pitani pa GPIO34 kapena GPIO35, zili pa ADC1. Mungokumbukira kuti mapazi amenewa ndi olandira okha ndipo alibe pull-up (resistor yokokera phazi ku 3.3 V) ya mkati.

Pa koyilo ya relay palibe diode. Transistor ikazima, koyilo imabweza mphamvu yokwera kwambiri imene imaotcha transistor. Ikani 1N4148 modutsa koyiloyo, mbali ya mzere iloze ku 5 V, ndipo ikhale pafupi ndi mapazi a relay. Pa EN (phazi loyatsira ESP32) onjezani capacitor ya 1 µF yopita ku GND pamodzi ndi 10 kΩ imene mwaika kale, kuti chip idikire magetsi akhazikike.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri akuluakulu, za GPIO12 sindikanazidziwa. Nanga capacitor za 100 nF zija ndazindandalika m'mphepete kuti zioneke bwino, zili ndi vuto? Zonse zalumikizidwa pa 3.3 V ndi GND monga mmene schematic ikunenera.

Woyankha woyamba:
Zili ndi vuto ndithu. Pa schematic malo alibe kanthu, koma pa bolodi ndi amene amagwira ntchito. Wi-Fi ikamatumiza, ESP32 imakoka magetsi mwadzidzidzi, n'chifukwa chake opanga amati gwero likhale lotha kupereka 500 mA. Capacitor ili pamtunda wa mamilimita 30 singathandize, njira yaitali yopyapyala imachedwetsa magetsi, mphamvu imagwa, chip n'kuyambiranso yokha. Ikani 100 nF mamilimita awiri kapena atatu kuchokera pa phazi la 3V3, kenako 10 µF kapena 22 µF pambali pake. Njira ifike pa capacitor kaye isanalowe pa phazi, ndipo mbali ya GND ikhale ndi via yakeyake pompo. CH340C nayo ilandire yake pafupi ndi phazi la magetsi.

Woyankha wachitatu:
Ndionjezeko pa kukula kwa njira. 0.25 mm ndi yabwino pa zizindikiro, koma pa kopa wa 1 oz, amene ndi wochindikala 35 µm, imanyamula pafupifupi 1 A isanayambe kufunda. Pampu yanu ndi 2 A ikamayenda, ndipo poyamba imakoka kuposa pamenepo. Kuchokera pa relay kufika pa screw terminal ikani 2 mm, njirayo ikhale yaifupi. Pa 5 V ndi 3.3 V ikani 0.8 mm kapena 1 mm, malo alipo ambiri.

AMS1117 imasandutsa kutentha mphamvu yonse yotsala. 1.7 V yotsalayo (5 V kuchotsa 3.3 V) kuchulukitsa ndi 0.3 A ndi pafupifupi theka la watt, ndipo pa kachinthu kakang'ono ngati SOT-223 kutenthako mudzakumva ndi chala. Phazi lake lalikulu lija lipatseni kopa wotambalala woti azimwaza kutentha, koma chenjerani, phazi limenelo ndi lotulutsa 3.3 V, si GND. Ambiri amalilumikiza ku GND n'kupsereza regulator tsiku loyamba. Potulukira pake pakhale 22 µF ya tantalum monga mmene datasheet imanenera.

Woyankha wachiwiri:
Mukakonza zonsezi, thiraninso kopa podina B, muyendetse ERC (yofufuza zolakwika pa schematic) ndi DRC mutalowetsa malamulo a fakitale imene mwasankha, osati amene anabwera ndi KiCad. Kenako sindikizani bolodi papepala pa 1:1, muike relay, soketi ya USB-C ndi screw terminal zenizenizo pamwamba pake. Soketi za USB-C zilipo zamitundumitundu zofanana maonekedwe koma zosiyana mapazi, ndipo footprint (malo a mapazi a chipangizo pa bolodi) yolakwika siikonzeka ndi kawaya. Mabowo omangira akhale 3.2 mm ngati masikuluwu ndi a M3, kopa atalikire 0.5 mm kuchokera m'mphepete, ndipo lembani + ndi − pa terminal komanso kadontho pa phazi loyamba la chip iliyonse. Tsegulani ma Gerber (mafayilo opita kufakitale) ndi fayilo ya mabowo mu pulogalamu yoonera musanatumize, muone ngati Edge.Cuts (mzere wa m'mphepete mwa bolodi) yatsekeka.

Wofunsa:
Ndamva zonse. Ndiyamba ndi kusuntha module ndi kukonza GND, kenako schematic. Funso lomaliza: ma pad oyezera ndiike pati?

Woyankha wachitatu:
Pa 5 V, 3.3 V, EN, GPIO0, TX ndi RX, a 1.5 mm, ndi awiri a GND kumbali zosiyana za bolodi kuti waya wa mita uzifika mosavuta. Mukasintha mutumizenso chithunzi cha kunsi, tione ngati kopa wa GND watsala wathunthu.