Khofi wa agogo ndi BP yawo

Malume (Nchalo): Abale, tabwerako kuchipatala ndi agogo anu. BP yapezeka 168/98. Awapatsa mapiritsi, akuti tibwererenso pakatha milungu iwiri. Ine maganizo anga khofi uja asiyiretu.

Azakhali (Bangula): Achimwene, ndakhala ndikunena. M'mawa khofi, masana khofi, dzuwa la Okutobala likuphulitsa mutu chonchi. Wowatumizira ndi Tadala.

Tadala: Azakhali, amandiimbira okha kupempha wa ku Mzuzu uja. Ndingawakanize bwanji agogo?

Chikondi (namwino): Malume, azakhali, ndiloleni ndiyikepo mlomo. 168/98 ndi yokwera ndithu, chifukwa kuyambira 140/90 timati BP yakwera. Khofi amakwezadi BP, koma kwa maola ochepa, kenako imatsika. Kapu imodzi m'mawa kwa munthu amene anazolowera si imene yawafikitsa apa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mchere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, ndipo ndi m'zakudya zonse za tsikulo. Ndinaona ndekha pa Khirisimasi: nsomba za makakana zouma zamchere kale, therere la soda, iwo n'kuwazanso mchere wina pambale asanalawe. Madzi a pamjigo wakwathu nawonso mukuwadziwa kukoma kwake kwa mchere.

Azakhali (Bangula): Nanga shuga? Amathira masupuni anayi.

Chikondi: Ameneyo achepe, ifike imodzi. Khofi akhale wa m'mawa wokha, wamadzulo amawalanda tulo. Akamva mtima ukugunda mothamanga atamwa, pamenepo asiye ndipo adokotala auzidwe.

Malume (Nchalo): Ndamva mwanangu. Ndiye tisawalande zonse, angatikwiyire n'kukana ndi mapiritsi omwe.

Chikondi: Chimene ndikuopa n'chomwecho, malume. BP simveka kupweteka, ambiri amasiya mankhwala akadziona bwino, kenako sitiroko. Amwe tsiku lililonse. Ngati awapatsa aja okodzetsa, azimwa m'mawa, ndipo madzi asasowe pafupi ndi kutenthaku. Tigule makina oyezera a pamkono, ndifufuza mtengo kuno ku Blantyre mawa. Poyeza akhale pansi mphindi 5, ndipo ngati amwa khofi papite mphindi 30 asanayezedwe.

Tadala: Ine ndiponya K15,000 pa Airtel Money madzulo ano.

Alamu (Ngabu): Ifenso tisonkhako Lachisanu. Koma aziwayeza ndani? Agogo manambala sawaona bwino.

Azakhali (Bangula): Mphatso amagona komweko, ndiyenso amaphika. Chikondi umuphunzitse kuyeza, azilemba m'kope, ndipo umuuze wekha za mcherewo. Ine akandimva amati ndikulalata.

Chikondi: Chabwino azakhali. Nditsika Loweruka ndi minibasi ya m'mawa, makina ali m'manja.

Malume (Nchalo): Ukadutsa pa Thabwa undiimbire, ndikudikire pa siteji. Alamu, mupite nawo agogo ndinu tsiku lobwerera kuchipatala, ine ndidzakhala pa shifiti. Musaiwale kabuku kawo kachipatala.